Faiba akachuluka m'mimba: zimene ndaona kwa anthu opitirira muyezo

Munthu akabwera akudandaula kuti mimba yafufuma, mpweya sukutha, chimbudzi chikuvuta, chikhalirecho akuti masiku ano akudya bwino kuposa kale, sindithamangira kumufunsa za matenda. Ndimayamba ndi kufunsa chimene wasintha m'mbale yake m'milungu iwiri kapena itatu yapitayo. Pa ntchito yolangiza anthu za kadyedwe, yankho lake ndalimva kambirimbiri ndipo silisiyana kwenikweni. Wasiya buledi woyera n'kuyamba wa tirigu wosachotsa gaga. M'mawa akudya oats wothira njere za chia, masana nyemba, madzulo masamba osaphika mbale yodzaza, ndipo pamwamba pa zonsezi akumwa ufa wa faiba umene anamva kuti umatsuka m'mimba. Zonsezi anaziyamba tsiku limodzi. Chilichonse mwa zimenezi n'chabwino pachokha, koma matumbo amene anazolowera magalamu 12 kapena 15 a faiba (mbali ya zomera imene thupi siligaya) patsiku asenzetsedwa magalamu 50 mwadzidzidzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chimene munthuyo amachita kenako. Akaona kuti wadzimbidwa amaganiza kuti faiba akuchepabe, ndiye amawonjezera supuni ina. Pamenepa m'pamene kavuto ka masiku atatu kamasanduka vuto la mwezi wathunthu.

Musandimve molakwa. Anthu ambiri faiba amawachepera, sawachulukira. Bungwe la WHO mu 2023 linalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 25 patsiku, ochokera m'zakudya zenizeni. Ku America muyezo wake ndi magalamu 14 pa makalori 1,000 alionse, kutanthauza magalamu 25 kwa akazi ndi 38 kwa amuna osapitirira zaka 50, ndipo akapitirira zaka zimenezi umatsika kufika pa 21 ndi 30. Ku Britain kuyambira mu 2015 amati magalamu 30. Komabe munthu wamba ku America amadya magalamu pafupifupi 15 okha. Chiyambire zaka za m'ma 1970, pamene dokotala wa opaleshoni Denis Burkitt anayamba kulalikira kuti kuchepa kwa faiba kumabweretsa matenda a m'matumbo, umboni wakhala ukuwonjezereka. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka m'magazini ya Lancet mu 2019 anasonyeza kuti anthu odya magalamu 25 mpaka 29 patsiku sadwala kwambiri mtima, sitiroko, shuga ndi khansa ya m'matumbo aakulu poyerekeza ndi odya faiba wochepa. Choncho palibe amene ndingamuuze kuti asiye nyemba ndi zipatso.

Mabungwe amenewa sanaike malire a pamwamba. Palibe nambala imene tinganene kuti ukaidutsa wadwala. Alipo anthu amene amadya magalamu 60 tsiku lililonse popanda vuto chifukwa anakula akudya choncho, ndipo alipo ena amene magalamu 30 amawagoneka chifukwa dzulo lake anali pa 10. Faiba wochuluka ndi amene waposa chimene matumbo anu angakwanitse lero. Zimene zimapangitsa zimenezi ndi liwiro limene mwawonjezera, mtundu wa faibayo, madzi amene mukumwa, ndi mmene matumbo anuwo alili.

Magalamuwa amachuluka msanga kuposa mmene ambiri amaganizira. Magalamu 40 a oats wosaphika ali ndi faiba wokwana magalamu 4. Mukathiramo supuni zazikulu ziwiri za chia, zolemera pafupifupi magalamu 28, mwawonjezera 10. Apozi limodzi losasenda likupatsani 4. Dzuwa lisanafike pamutu mwadya kale 18. Kapu imodzi ya nyemba kapena mphodza zophika ili ndi pafupifupi 15, peyala limodzi lalikulu 10 kapena kuposerapo, zidutswa ziwiri za buledi wa tirigu wosachotsa gaga 4, kapu ya broccoli wophika 5. Mwafika pa 52. Onjezanipo kabisiketi kaja kolembedwa kuti kali ndi faiba wambiri, kamene nthawi zina kamakhala ndi magalamu 9 kapena 10, ndiye mwadutsa 60 musanakhudze n'komwe botolo la ufa lija.

Faiba sali mtundu umodzi

Faiba ndi mbali ya zomera imene timadzi togaya chakudya m'chifu ndi m'matumbo aang'ono timalephera kuiphwanya, moti imafika m'matumbo aakulu idakali yathunthu. M'nyama, nsomba, mazira ndi mkaka mulibe faiba ngakhale pang'ono. Mabuku ambiri amamugawa pawiri, wosungunuka m'madzi ndi wosasungunuka, koma kugawa kumeneku sikuthandiza kwenikweni munthu amene mimba ikumupweteka. Mafunso othandiza ndi awiri: kodi faibayu amagwira madzi n'kusanduka jeli? Nanga mabakiteriya a m'matumbo amamudya mofulumira bwanji?

Psyllium, ufa wa faiba wopangidwa ndi makoko a njere za chomera china, amagwira madzi ambiri n'kukhala jeli woterera, ndipo mabakiteriya samudya kwambiri, moti amafika kumapeto kwa matumbo akadali ndi madzi ake. N'chifukwa chake amafewetsa chimbudzi cholimba, amalimbitsako chamadzimadzi, ndipo sabweretsa mpweya wambiri. Faiba wa mu oats nayenso amachita jeli ndipo amatsitsa kolesterolo, koma iye mabakiteriya amamudya. Inulin, amene amachokera ku mizu ya chicory ndipo amapezekanso mu anyezi ndi adyo, amasungunuka m'madzi koma sachita jeli, ndipo mabakiteriya amamumaliza mwachangu. Chimbudzi sachifewetsa kwenikweni, koma mpweya amabweretsa wadzaoneni. Gaga wa tirigu sasungunuka. Akakhala wokhakhala amakanda khoma la matumbo, khomalo n'kutulutsa madzi ndi ntchofu, chimbudzi n'kuyenda msanga. Akaperedwa kukhala ufa wosalala kwambiri mphamvu imeneyi imachepa, amangowonjezera zouma m'chimbudzi. Mukaona zinthu ziwiri zonse zalembedwa kuti zili ndi magalamu 10 a faiba, musaganize kuti m'mimba mwanu zikachita zofanana.

Mpweya ndi kufufuma

Ili ndiye dandaulo lofala kwambiri. Mabakiteriya a m'matumbo aakulu akamadya faiba amapanga timaasidi tothandiza, monga butyrate amene amadyetsa khoma la matumbolo, koma amatulutsanso mpweya wa hydrogen, carbon dioxide, ndi methane mwa anthu ena. Walira mvula walira matope: ubwino wa faiba ndi mpweya wake zimachokera pa ntchito imodzimodzi. Munthu wathanzi amatulutsa mpweya ka 10 mpaka ka 20 patsiku, ndipo zimenezi si matenda. Vuto limayamba pamene chakudya cha mabakiteriya chachuluka nthawi imodzi, mpweya n'kupangika mofulumira kuposa mmene matumbo angauyamwire kapena kuutulutsa. Matumbo amakoka, mimba imapotokola, imalira, lamba amathina.

Nthawi imene ululu umabwera imasocheretsa anthu ambiri. Chakudya chimatenga maola angapo, kawirikawiri anayi mpaka asanu ndi atatu, kuti chifike m'matumbo aakulu. Mimba ikafufuma madzulo, munthu amaloza chala chakudya chimene wangodya kumene, pamene wolakwa ndi chia wa m'mawa kapena nyemba za masana. Ndimauza anthu kuti aziyang'ana chakudya chimodzi kapena ziwiri m'mbuyo.

Nyemba zili ndi timashuga totchedwa raffinose ndi stachyose timene thupi la munthu lilibe chogayira. Timashugati timasungunuka m'madzi, choncho kuviika nyemba zouma maola 8 mpaka 12, kutaya madziwo, n'kuphika ndi madzi atsopano mpaka zitafeweratu kumachepetsako vutoli. Za m'chitini muzizitsuka. Amene amadya nyemba zochepa tsiku lililonse, mwachitsanzo theka la kapu, nthawi zambiri amapeza kuti mpweya umachepa pakatha milungu iwiri kapena itatu chifukwa matumbo azolowera. Amene amadya mbale yaikulu kamodzi pamlungu sapatsa matumbo mpata wozolowera, ndipo amavutika ulendo uliwonse.

Inulin ndikufuna ndimutchule padera chifukwa amabisala. Opanga zakudya amamuthira m'mabisiketi, mu yogati, m'zakumwa ndi mu ufa wa pulotini kuti alembe nambala yaikulu ya faiba pa paketi. Pa mndandanda wa zimene zili m'katimo amalembedwa kuti inulin, chicory root fiber kapena oligofructose. Anthu ambiri amapirira magalamu 5 mpaka 10 patsiku, koma akadutsa pamenepo mimba imayamba kubwata. Zakudya zomwezi kawirikawiri zimakhalanso ndi zotsekemeretsa monga sorbitol ndi maltitol, zimene zimakokera madzi m'matumbo n'kutsegula m'mimba. Munthu amene akuti zipatso ndi masamba zikumupweteka ndimayamba ndamufunsa ngati akudya zinthu za m'mapaketi zimenezi, ndipo nthawi zambiri kungozichotsa kumathetsa nkhani yonse.

Kudzimbidwa kumene faiba amakuwonjezera

Apa m'pamene pali kusamvetsa kwakukulu. Faiba amakulitsa chimbudzi. Ngati matumbo akukankha bwino ndipo madzi alipo okwanira, chimbudzi chachikulu ndi chofewa chimayenda mosavuta. Koma ntchito imodzi ya matumbo aakulu ndi kuyamwa madzi kubwezera m'thupi. Munthu akamamwa madzi ochepa, kapena akutuluka thukuta kwambiri, matumbo amayamwa madzi a m'chimbudzi chachikulu chija n'kusiya chimulu chouma gwa. Potuluka chimafuna kukankha mwamphamvu, ndipo zotsatira zake ndi kung'ambika kwa kunjira ya chimbudzi ndi kutupa kwa mitsempha ya pamenepo, kumene ambiri amati mudzi.

Madzi okha sathetsa zonse. Pali mitundu ya kudzimbidwa imene faiba sangaithandize ngakhale mutamwa madzi ochuluka bwanji. Mwa anthu ena matumbo aakulu amayenda pang'onopang'ono mwachibadwa kapena chifukwa cha matenda a mitsempha monga Parkinson. Mwa ena minofu ya kunjira ya chimbudzi imafinya pamene imayenera kumasuka, moti chimbudzi chimafika pakhomo koma khomo silitseguka. Chizindikiro chake n'chakuti munthu amakhala nthawi yaitali m'chimbudzi, amakankha ngakhale chimbudzicho chili chofewa, ndipo amadzuka akumva kuti sanamalize. Ena adzimbidwa chifukwa cha mankhwala amphamvu opha ululu monga morphine, codeine ndi tramadol, amene amagonetsa matumbo. Kwa onsewa, kuwonjezera faiba kuli ngati kuthira mchenga mu paipi yotsekeka kale. Omwa mankhwala a gulu la morphine madokotala sawapatsa ufa wokulitsa chimbudzi. Amawapatsa mankhwala odzutsa matumbo monga senna, kapena okokera madzi monga macrogol ndi lactulose.

Madokotala a ku Singapore anafalitsa mu 2012 zimene anapeza pa anthu 63 odzimbidwa kwa nthawi yaitali popanda chifukwa chodziwika. Anawauza kuti asiye faiba kwa milungu iwiri, kenako aliyense adye mlingo umene akuona kuti ukumuyanja. Amene anasiyiratu anachoka pa kupita kuchimbudzi kamodzi pa masiku pafupifupi anayi n'kufika pa kamodzi patsiku, ndipo kufufuma kunatha. Amene anabwerera ku faiba wambiri sanasinthe. Kafukufukuyu anali wamng'ono ndipo analibe gulu loyerekezera losankhidwa mwachisawawa, choncho sindimugwiritsa ntchito pouza aliyense kuti asiye masamba. Koma akugwirizana ndi chimene aliyense wogwira ntchito imeneyi amachiona: pali anthu amene amachira akachepetsa. Ngati mwawonjezera faiba kwa milungu inayi, mukumwa madzi okwanira, koma zinthu zikuipiraipira, faiba si mankhwala anu.

Ena zimawachitikira mosemphana. Gaga wokhakhala wochuluka, zipatso zouma ndi masamba osaphika ambiri zimathamangitsa matumbo mpaka madzi osapeza nthawi yoyamwidwa, munthu n'kumathamangira kuchimbudzi katatu kapena kanayi m'mawa umodzi. Othamanga mitunda italiitali amachidziwa bwino chimenechi, n'chifukwa chake ambiri amachepetsa faiba kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti achite mpikisano.

Amene ali ndi matumbo osachedwa kunyanyuka, matenda amene madokotala amati IBS, amamva ululu chifukwa cha mpweya wochepa umene wina sangaumve n'komwe. Kwa zaka zambiri ankauzidwa kuti adye gaga wa tirigu. Mu 1994 madokotala awiri a ku Manchester, Francis ndi Whorwell, anafunsa odwala 100 ndipo 55 anati gagayo anawonjezera vuto lawo, pamene 10 okha ndi amene anati anawathandiza. Masiku ano malangizo a ku Britain amati odwala IBS apewe gaga, ndipo ngati akufunika faiba asankhe psyllium kapena oats. Palinso kadyedwe kotchedwa low FODMAP kamene kanakonzedwa ku Monash University ku Australia, kochepetsa kwa milungu ingapo zakudya zimene mabakiteriya amazidya mofulumira, kenako n'kuzibwezera chimodzichimodzi. Kadyedwe kameneka si kokhalitsa, ndipo kamafuna katswiri wa zakudya kuti akuyendetseni.

Kutsekeka, ngozi yosowa koma yeniyeni

Ufa wogwira madzi ukamezedwa wouma, kapena ndi madzi ochepa, ungathe kufufuma uli pakhosi n'kutseka njira ya chakudya. Ku America mapiritsi ochepetsa thupi opangidwa ndi guar gum analetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anthu atatsekeka kummero ndi m'matumbo. Chia amamwa madzi ochuluka kakhumi kapena kuposa kulemera kwake, ndipo madokotala analembapo za munthu amene anatsekeka kummero atameza supuni ya chia wouma n'kumwera madzi pambuyo. Chia aziviikidwa kwa mphindi 15 kapena 20 asanadyedwe. Psyllium asungunulidwe m'tambula yodzaza, mamililita 240 kapena 250 pa mlingo uliwonse, amwedwe nthawi yomweyo asanalimbe, ndipo ndi bwino kutsatiza madzi ena. Musamwe mutagona, ndiponso musamwe mukupita kukagona. Amene amavutika kumeza, kaya chifukwa cha sitiroko kapena kuchepa kwa njira ya kummero, asagwiritse ntchito ufa umenewu.

M'chifu, ulusi wa zomera wosagayika ungathe kuwundana n'kukhala chibuluma cholimba chimene madokotala amati phytobezoar. Chipatso chodziwika kwambiri pa zimenezi ndi persimmon, makamaka wosapsa bwino, koma nsanza za m'kati mwa malalanje, makoko, njere ndi mapesi a masamba nazonso zimatha kutero. Sizichitika kawirikawiri kwa munthu wa chifu chabwinobwino. Amene ali pangozi ndi amene anachitidwapo opaleshoni ya chifu, odwala shuga amene chifu chawo chimachedwa kutsitsa chakudya chifukwa mitsempha inawonongeka, ndi okalamba amene mano anatha moti satafuna mokwanira. Amamva kukhuta atangodya pang'ono, nseru, kusanza, ndipo amaonda.

M'matumbo, ngozi ili kwa amene ali ndi malo opanikizika: odwala matenda a Crohn amene matumbo awo anachita zipsera, amene anachitidwa opaleshoni ya pamimba ndipo matumbo anamatirirana, amene anaotchedwa ndi magetsi a khansa pamimba, ndi amene ali ndi chotupa. Mtedza wosatafunidwa bwino, chimanga chathunthu, bowa, makoko a zipatso ndi masamba a ulusi wautali zimatha kuima pa malo opapatizawo. Anthu otere dokotala akawauza kuti adye faiba wochepa, nthawi zambiri magalamu osapitirira 10 kapena 15 patsiku, si kuti dokotalayo ndi wachikale. N'zomvetsa chisoni kuona wodwala akuphwanya langizo limeneli chifukwa wachibale womufunira zabwino wamuuza kuti masamba osaphika amachiritsa chilichonse.

Zizindikiro za kutsekeka n'zosiyana ndi kufufuma wamba. Ululu umabwera mwamphamvu ngati mafunde, mimba imatupa n'kulimba, munthu amasanza, nthawi zina zobiriwira kapena zonunkha ngati chimbudzi, ndipo satulutsa chimbudzi ngakhale mpweya. Kusatulutsa mpweyako n'kofunika kukuzindikira. Zikatero musamwe mankhwala otsegula m'mimba, musadye kanthu, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.

Michere imene imapita ndi chimbudzi

Pa nkhaniyi faiba amanamiziridwa pang'ono. Wolakwa weniweni ndi phytate, amene amakhala limodzi ndi faiba mu gaga, nyemba, mtedza ndi njere. Phytate amagwira ayironi, zinki ndi kashiamu m'matumbo, thupi n'kulephera kuziyamwa. Ofufuza a ku Britain, McCance ndi Widdowson, anasonyeza m'zaka za m'ma 1940 kuti thupi limayamwa kashiamu wochepa munthu akamadya buledi wa ufa wosachotsa gaga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 Ananda Prasad anafotokoza za anyamata a ku Iran opinimbira ndi ochedwa kutha msinkhu chifukwa chosowa zinki, ndipo chakudya chawo chachikulu chinali buledi wa tirigu wathunthu wopanda chofufumitsa.

Munthu wodya zakudya zakasinthasintha asade nkhawa ndi zimenezi. Amene ayenera kusamala ndi amayi oyembekezera, atsikana ndi amayi otaya magazi ambiri pa msambo, ana aang'ono, ndi amene sadya nyama kapena nsomba koma akuthira gaga wosaphika pa chakudya chilichonse. Kuviika, kumeretsa njere, ndi kufufumitsa ufa ndi yisiti kapena kuusasitsa kumadzutsa phytase, amene amaphwanya phytate. Chipatso cha vitamini C chodyera limodzi ndi nyemba chimathandiza thupi kuyamwa ayironi, pamene tiyi womwera pa chakudya chomwecho amalepheretsa. Gaga wosaphika wothira ndi supuni ndiye sindimulimbikitsa kwa wina aliyense amene magazi ake ndi ochepa.

Mankhwala nawo amakodwa mu jeli yemwe uja. Psyllium ndi gaga angachepetse kapena kuchedwetsa kuyamwidwa kwa levothyroxine wa chithokomiro, digoxin wa mtima, carbamazepine wa khunyu, lithium wa matenda a maganizo, ndi mapiritsi a ayironi. Siyanitsani ufa wa faiba ndi mankhwala ena ndi maola osachepera awiri. Levothyroxine amwedwe m'mimba muli mopanda kanthu, mphindi 30 mpaka 60 musanadye m'mawa, ndipo ufa wa faiba udikire maola anayi. Odzibaya insulin kapena omwa mapiritsi otsitsa shuga adziwe kuti faiba wa jeli amachedwetsa shuga kulowa m'magazi, choncho akayamba kumwa psyllium aziyeza shuga pafupipafupi ndipo auze dokotala wawo, chifukwa mlingo wa mankhwala ungafunike kusintha. Chinanso chimene ambiri sachidziwa n'chakuti fumbi la psyllium limayambitsa ziwengo mwa anthu ena, makamaka amene amalipuma kawirikawiri posakanizira odwala. Kuyetsemula, zidzolo kapena kubanika mutamwa ndi chifukwa chokwanira chosiyira.

Ana ndi okalamba ali ndi vuto lina: faiba amakhutitsa. Kwa munthu wofuna kuchepetsa thupi zimenezi n'zabwino, koma chifu cha mwana wa chaka chimodzi n'chaching'ono, ndipo chikadzaza ndi zakudya za gaga mwanayo amakhuta asanapeze mphamvu ndi mafuta okwanira kuti akule. Mwana wosakwana zaka ziwiri asamadye za mbewu zathunthu zokhazokha, ndipo asapatsidwe gaga kapena ufa wa faiba popanda dokotala. Muyezo wa WHO kwa ana a zaka 2 mpaka 5 ndi magalamu 15, ndipo a zaka 6 mpaka 9 ndi 21. Agogo amene chilakolako cha chakudya chachepa, amene samva ludzu msanga ndipo amakhala pansi kapena pabedi nthawi yambiri, mukawadzazira mbale ndi gaga ndi masamba mumawalanda malo a mazira, mkaka ndi nsomba zimene minofu yawo ikufuna, ndipo chimbudzi chimawaumira m'kati. Nthawi zina chimbudzi chouma chikatseka njira, chamadzimadzi chimadutsa m'mbali n'kumadontha, achibale n'kuganiza kuti agogo atsegula m'mimba. Kuwapatsa mankhwala oletsa kutsegula m'mimba pamenepo n'kuwonjezera ngozi.

Kubwerera m'mbuyo ndi kuyambanso

Ngati mwazindikira kuti mwapitirira, ndipo mulibe zizindikiro za kutsekeka zija, siyani kaye zowonjezera zonse: ufa wa faiba, gaga, chia, ndi za m'mapaketi zokhala ndi inulin. Kwa masiku awiri kapena atatu idyani zosavuta kugaya monga mpunga woyera, mbatatesi yosenda, mazira, nsomba, nkhuku, nthochi yakupsa, karoti wophika mpaka kufewa ndi msuzi. Imwani madzi pang'onopang'ono tsiku lonse, malita 1.5 mpaka 2, kapena kuposerapo kukatentha, mpaka mkodzo ukhale wotuwirako osati wachikasu kwambiri. Amene dokotala anawaikira malire a madzi chifukwa cha mtima kapena impso asadutse malirewo, ndipo anthu amenewa asayambe ufa wa faiba paokha. Yendani mphindi 10 kapena 15 mukatha kudya, chifukwa kuyenda kumasuntha mpweya. Pewani zakumwa za thovu, chingamu ndi kudya mothamanga, zimene zimakumezetsani mpweya wina. Kufufuma kumayamba kutsika pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Chimbudzi chimachedwerapo kubwerera mwakale. Ngati chauma kwambiri, macrogol kwa masiku ochepa amathandiza kuposa faiba wina aliyense.

Mukakhala bwino musakhazikike pa mpunga woyera. Werengani kaye magalamu amene munkadya poyamba polemba zonse zimene mumadya kwa masiku atatu. Yambirani pamenepo, n'kumawonjezera magalamu 3 mpaka 5 okha pamlungu, ndiko kuti apozi limodzi kapena supuni zazikulu zinayi kapena zisanu za nyemba zophika. Kuthamanga si kufika. Kuchoka pa 15 kufika pa 30 kuzitenga milungu itatu mpaka isanu. Onjezani chinthu chimodzi pa nthawi, kuti chikakupwetekani muchidziwe. Gawani faibayo pa chakudya cha m'mawa, masana ndi madzulo, magalamu 8 mpaka 10 pa chilichonse, m'malo mounjika 25 m'kapu imodzi ya zipatso zogaya. Yambani ndi zophika musanafike pa zosaphika, zosenda musanafike pa za makoko, ndipo muzitafuna mpaka chakudya chisalale. Ngati mukufunikiradi ufa, sankhani psyllium wopanda zotsekemeretsa, muyambe ndi theka la supuni yaing'ono kamodzi patsiku kwa mlungu wathunthu musanakweze.

Muyezo wabwino koposa ndi chimbudzi chanu chomwe. Chofunika ndi chofewa, choumbika ngati soseji, chotuluka popanda kukankha, chimene pa tchati cha Bristol chimene madokotala amagwiritsa ntchito ndi mtundu 3 kapena 4. Kupita katatu patsiku mpaka katatu pamlungu zonse zili m'malire abwino. Mukafika pamenepo ndi magalamu 24, palibe chifukwa chodzizunzira kuti mufike pa 38. Mpweya wowonjezereka pang'ono mlungu woyamba ndi wachiwiri ndi woyembekezereka ndipo mupirire. Ululu wokulepheretsani kugona kapena kugwira ntchito ukutanthauza kuti mubwerere pa mlingo wa mlungu wathawo.

Pali msampha wina umene ndikufuna muupewe, wongokankhira chilichonse pa faiba. Ngati mwachepetsa kwa milungu iwiri koma mimba ikufufumabe, chifukwa chake chingakhale china: thupi losagaya shuga wa mu mkaka, matenda a coeliac amene amadzutsidwa ndi gluten wa mu tirigu osati faiba wake, chithokomiro chofooka, kapena mankhwala amene mukumwa. Mukakayikira coeliac musasiye tirigu musanayezedwe magazi, chifukwa mukasiya zotsatira zake zimatuluka zabodza. Ndipo musadikire milungu iwiriyo ngati mwaona magazi m'chimbudzi kapena chimbudzi chakuda bii ngati phula, ngati mukuonda osafuna, mukutentha thupi, mukudzuka usiku ndi ululu kapena kutsegula m'mimba, magazi anu achepa, kapena kachitidwe kanu ka chimbudzi kasintha kwa milungu itatu pamene muli ndi zaka zoposa 50. Mayi amene mimba ikumufufuma pafupifupi tsiku lililonse, akukhuta msanga ndiponso akukodza pafupipafupi, makamaka ngati wapitirira zaka 50, apemphe kuti amuyeze thumba la mazira, ngakhale atakhala kuti anayamba kudya nyemba zambiri mwezi womwewo.